Injini Imene Inakana Kuzima

1

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene anga Ambokile ali moyo, anali atatsamira boneti ya pikapu yawo akudya chinangwa chootcha. Linali Lachinayi m'mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa la kwathu ku Karonga linali litayamba kale kuliza malata seveni isanakwane. Kumbuyo kwa galimoto kunali matumba a mpunga opita ku Chitipa.

"Injiniya, bwera udzalume," anatero. "Waonda ngati waya wa laputopu yakoyo."

Ndinaluma. Iwo anagogoda boneti ndi chala.

"Mkuluyu wamubwezeradi mwakale?"

"Ndabwezera, achimwene."

"Nanga bwanji akukokabe ngati ng'ombe yodya madeya?"

"Ndatsuka sefa ya mpweya. Mwaionanso nyali ija ikuyaka?"

"Ayi, yazima." Anaseka, kwinaku akupukuta manja pa buluku. "Basi alamu ako apume. Sabata yonseyi akhala akundiphunzitsa ngati ndine mwana wa m'kalasi mwawo."

Alamu angawo, a Yunike, anali pakhonde akumanga nsapato za mwana wawo Lughano, amene pa nthawiyo anali ndi zaka zinayi. Achimwene anamunyamula mwanayo, anamugunditsa mphuno, anamutsitsa, n'kukwera galimoto. Dzanja lawo linali kunja kwa windo mpaka anakhota.

Dzina langa ndine Clifford. Ndikulemba izi ndili ndi zaka 24. Imfa inatichotsera munthu mmodzi, ndipo imeneyo anthu a kwathu akuidziwa. Chimene sakudziwa n'chakuti ntchito yotsalayo ndinaimaliza ndine. Pali mayi amene akukhala kutali ndi mwana wake lero chifukwa cha mawu anga, ndipo mawu amene angawabwezere pamodzi alinso m'kamwa mwanga momwemu.

2

Bambo athu atamwalira, achimwene ndiwo anasanduka bambo. Iwo sukulu analekeza Folomu 2, koma ananenetsa kuti m'banja mwathu mutuluke munthu wa pepala. Ananditumiza ku koleji ina ku Mzuzu kukaphunzira zamagalimoto. Ndinalephera mayeso kawiri, ndipo kachitatu anandiuza mwaulemu kuti malo anga akufunidwa ndi wina. Kunyumba ndinanena kuti maphunziro ake ndi achikale, zimene ndikufuna ine zili pa intaneti. Achimwene sanafunse zambiri. Anapitiriza kunditcha Injiniya, ndipo sindinkadziwa ngati kunali kundinyadira kapena kundiseka.

Ndinabwerako ndi laputopu, ndiponso kachingwe kamene ndinaitanitsa kwa dalaivala wina wa amene amakatenga magalimoto ku Dar es Salaam. Kachingweko ukakalumikiza pansi pa chiwongolero, umalankhula ndi kakompyuta kamene kamalamulira injini, ndipo ukhoza kusintha malamulo ake.

Pikapu ya achimwene inali ya dizilo, yokhala ndi tebo. Kwa amene simukudziwa, tebo ndi kachitsulo kozungulira ngati fani, kamene kamakankhira mpweya mu injini. Mpweya ukachuluka, injini imatentha mafuta ambiri ndipo imakoka kwambiri. Kukankha kwakeko timakuyeza m'mapaundi, monga mpweya wa m'matayala. Opanga galimoto ija anaika mapaundi 15.

Tsiku lina ndinapita kukabwereka sipanala kwa a Wallace, makaniko wachikulire amene galaji yawo ili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Kunena zoona, ndinapita kukadzitama.

"Ndiye ukufuna ufike pati?" anandifunsa, mutu uli mu injini ya minibasi.

"Anthu akufika 26."

"Anthu ake ati?"

"A pa intaneti."

Anadzuka n'kundiyang'ana. "Kumene amakhala anthu a pa intanetiwo kumatentha ngati kuno? Amakwera ku Chitipa atasenza mpunga? Injini ya mkulu wakoyo inayenda kale dziko la eni ake, yayendanso lathu lino. Ukafuna kuisangalatsa, wonjezera atatu. Ukafika 18, ima. Uikenso geji, uziona kutentha kwake, oyilo uzisintha nthawi isanakwane. Kupitirira apo ndiye ukusenzetsa nkhalamba thumba la simenti."

"Zimenezo n'zakale, madala."

"Eya. Ifenso ndife akale. N'chifukwa chake tilipo."

3

Ndinagwira ntchitoyo Loweruka lina pabwalo la kwathu, madalaivala anzawo a achimwene ataima mozungulira ngati akuonera mpira. Titaiyesa pa msewu wa ku Uliwa, galimoto inali itasanduka ina. Achimwene anangoponda pang'ono, msana wanga unamatirira ku mpando. Pa laputopu nambala inakwera mpaka 26. Tinadutsa minibasi ziwiri ngati zaima, ndipo achimwene anandimenya paphewa mpaka kundipweteka.

"Amene anakuchotsa sukulu aja akufunika kupimidwa maso," anatero.

Masabata atatu otsatirawo ndiwo okoma kwambiri amene ndakhalapo nawo. Pa siteji anthu ankanditcha Injiniya osaseka. Amama ankauza anzawo ku tchalitchi kuti mwana wawo amakonza galimoto osadetsa manja.

Kenako nyali yachikasu inayamba kuyaka pa dashibodi. Inkayaka pa chitunda, galimoto ikalemedwa, ndipo ikangoyaka injini inkafooka yokha ngati yagwidwa malungo. Unkayenera kuima, kuzimitsa, kuliza kachiwiri. Kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda, ndipo tebo inayamba kuimba kamluzu kamene kale kanalibe.

Lamulungu lina achimwene anatenga banja lawo kukaona anzawo ku Chilumba. Pobwera anathamanga kwambiri, nyali inayaka, galimoto inafooka ali pakati podutsa thiraki. Anapulumuka mwa mwayi. Atafika kunyumba, a Yunike anatsika atanyamula mwana.

Ndiyenera kukuuzani za alamu angawa. Kwawo ndi ku Dedza. Anabwera ku Karonga ndi ntchito ya uphunzitsi, ndipo anakumana ndi achimwene atakwera pikapu yomweyi pa matola. Chinkhonde ankamva pang'ono chabe, choncho iwo akakhalapo tonse tinkalankhula Chichewa, ngakhale amama amene Chichewa chimawalemera pakamwa. Sanali munthu wokweza mawu. Koma tsiku limenelo analankhula pamaso pa amama, pamaso pa a Hudson, abambo athu aang'ono, ndiponso pamaso pa anansi awiri amene anabwera kudzacheza.

"Bambo a Lughano, galimoto imeneyi idzakuphani. Ndanena amama akumva. Mukapanda kuibwezera mmene inalili, idzakuphani."

Amama anasiya kusenda nthochi. A Hudson anatsokomola.

"Wamva, Injiniya?" achimwene anatero. "Boma lalamula."

Anthu anaseka, koma madzulo ake achimwene anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Bwezera, m'bale wanga. Liwiro n'lokoma, koma m'nyumba mukufunika mtendere."

Lachitatu masana ndinakhala m'galimoto ola lathunthu, laputopu ili pamiyendo, thukuta likudontha pa mabatani. Nditatuluka ndinati zatheka. A Yunike anandibweretsera thobwa lozizira m'kapu yawo ya alendo.

"Zikomo, alamu," anatero. "Tsopano ndizigona."

4

Zimene zinachitika pa msewu wa ku Chitipa ndinazimva kwa mayi wina wogulitsa usipa amene anakhala kutsogolo ndi achimwene tsiku limenelo.

Atapitirira Mpata, pa chitunda chachitali, kamluzu kaja kanasanduka kulira kwa chitsulo chokhulana ndi chinzake. Kenako kumbuyo kunatuluka utsi woyera, wochuluka moti msewu unasowa. Achimwene anachotsa phazi pa mafuta, koma injini inapitiriza kukwera mawu. Anapatuka, anamanga mabuleki, n'kuuza mayiyo kuti atsike athawe. Anazimitsa galimoto. Anazula kiyi.

Injini sinazime.

Anthu ogulitsa makala m'mbali mwa msewu anaona ndi maso awo. Munthu waima panja, kiyi ali m'manja, galimoto ikubangula yokha ngati ng'ombe yolasidwa. Achimwene analowanso, anaika giya yaikulu kuti aitsamwitse, koma kilachi inangonunkha kupserera. Anatuluka, anavula malaya, n'kutsegula boneti kuti atseke polowera mpweya.

"Ndinawaitana," mayiyo anandiuza. "Ndinati, bambo, zisiyeni. Anati, 'Mayi, munda wanga ndi womwewu.'"

Injini inaphulika. Chitsulo chinaboola m'mbali mwake n'kuwamenya pachifuwa. Anawakweza pa lole yochokera ku Chitipa, koma anatsirizika asanafike ku Boma. Powatsitsa, kiyi anali akadali m'dzanja lawo lamanzere.

Pa zonse zimene zinachitika pa chitunda paja, chimene chinayenda ndi kiyi ameneyo. Nkhani yake inafika kwathu mtembo usanafike.

5

Pa maliro ndinaona chinthu chimene poyamba sindinachimvetse. A Yunike akalowa m'nyumba, anthu sankasinthanso chilankhulo. Ankapitiriza Chinkhonde, mothamanga, ndipo azakhali ankawapatsa malo kumapeto kwa mphasa. Tsiku lachitatu ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake pa mpopi kuti galimoto siyenda yopanda kiyi pokhapokha wina ali ndi kiyi wake wina.

A Hudson anasowa masiku awiri. Tinamva kuti anawoloka mtsinje wa Songwe kukafunsira kwa sing'anga. Atabwera anaitanitsa msonkhano wa banja.

Tinakhala pabwalo lomwe lija. Tsiku limenelo a Hudson analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, kuti mlandu umveke kwa mwini wake. Anayamba ndi ine.

"Mwana wanga, iwe unapita ku sukulu ya zimenezi. Tiuze. Galimoto ingalire kiyi ali m'manja mwa mwini wake?"

Yankho ndinali nalo. Linali limodzi mwa masamba ochepa amene ndinawasunga m'mutu kuchokera ku koleji. Ndinayang'ana pansi.

"Sindinaonepo, baba."

Sindinaname. Ndinali ndisanaonepo.

A Yunike anali atavala zakuda, Lughano atagona pamiyendo pawo. Anatembenukira kwa ine, ndipo mawu awo anali ofewa.

"Alamu, auzeni za kompyuta ija. Mwina pobwezera china chinatsalira. Kulakwitsa kulipo, palibe angakudyeni. Ingowauzani."

Ananditsegulira khomo ndi manja awo. Ndinaona amama akundiyang'ana. Ndinaona madalaivala awiri amene ankanditcha Injiniya. Ndinaganiza za dzina limene ndidzakhale nalo moyo wanga wonse: uja anapha mkulu wake amene anamuphunzitsa.

"Ndinabwezera zonse," ndinatero. "Galimoto inali monga inachokera kwa eni ake."

A Hudson anagwedeza mutu. "Mwamva nonse. Galimoto inalibe chilema. Koma munthu anaima pano Lamulungu n'kunena kuti idzamupha, ndipo Lachinayi inamupha. Ife si ana."

"Ndinanena chifukwa cha mantha," a Yunike anatero.

"Mantha, kapena kudziwa?"

"Amama, inu mukundidziwa. Zaka zisanu ndakhala pakhomo pano."

Amama anayankha m'Chinkhonde, ndipo panalibe amene anamasulira. Anati njoka nayonso imakhala zaka zisanu mu denga.

Chigamulo chinali chachifupi. Mkazi abwerere kwawo. Mwana ndi wa pano, ng'ombe zinaperekedwa.

6

A Yunike anakana kuchoka. Anati mwamuna wawo wagona kuno, mwana wawo anabadwira kuno, ntchito yawo ili kuno. Anapitiriza kupita ku sukulu. Koma m'kalasi mwawo ana anayamba kuchepa, chifukwa makolo ankawaletsa. Ku msika amayi ankaphimba nsomba zawo iwo akamadutsa. Tsiku lina masana anyamata anaponya miyala pa denga lawo mpaka malata anabooka, ndipo ine ndinali m'chipinda changa ndikumva mwala uliwonse.

Loweruka lina m'mawa alamu akuchapa, azakhali anabwera n'kunena kuti akumutenga Lughano kukamugulira zitumbuwa. Mwana anapita atavala nsapato imodzi, ina ili m'manja. Sanabwere. Anamuwolotsa Songwe kupita kwa abale athu a tsidya lija, ati kuti mayi wake asamumalizenso.

A Yunike anayenda maofesi onse amene munthu angayende. Makalata analembedwa, tsiku la mlandu linaikidwa. Koma mwana anali kunja kwa dziko, pakhomo pathu aliyense ankati sakudziwa kumene ali, ndipo miyala inkachulukirachulukira. Anzawo a ku sukulu anawachonderera kuti apemphe kusamutsidwa asanaone moto. Mchimwene wawo anaimba kuchokera ku Dedza akulira. Patatha masabata awiri anagonja.

Ndine ndinawanyamulira sutikesi kupita ku depoti. Panalibe wina wofuna kuoneka nawo. Basi isananyamuke anatsegula chikwama n'kundipatsa kabuku ka kuchipatala ka Lughano.

"Katemera wotsala walembedwa kumapetoku," anatero. "Akayamba kutsokomola musamupatse madzi ozizira. Usipa amadya, koma muzimuchotsera mitu. Tsitsi lake musamumete, amalira."

"Ndamva, alamu."

"Inu nokha ndi amene simunanditukwane pakhomo paja. Mulungu akukumbukireni."

Ndinaima pa depoti mpaka basi inasowa.

7

Mwana anabwera naye kwa amama patatha mwezi. Pikapu anaikokera kwa a Wallace kuti aone ngati pali chogulitsa. Ine ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pa galajipo, mpaka tsiku lina anandituma kukatenga batire.

A Wallace sanandipatse moni. Anandipatsa tebo m'manja. Kamtengo kake kapakati kanali kataduka, timapiko take titatha ngati tadyedwa ndi chiswe. Kenako anatenga paipi ya mpweya n'kuiweramitsa. Munatuluka oyilo wakuda.

"Ukudziwa chimene ukuona?"

"Ndikudziwa."

"Nena."

"Tebo inathamanga kupitirira mphamvu yake, inathyoka, oyilo analowa mu injini. Injini ya dizilo ikayamba kumwa oyilo wake sifunanso kiyi. Imathamanga mpaka kudziphulitsa."

"Ndiye sukulu inalowako ndithu." Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Ku Chitipa n'kumtunda, mpweya ndi wopepuka. Kuti tebo ipereke zimene waiuza, imazungulira kuposa kuno kunyanja. Onjezapo kutentha kwa Okutobala ndi katundu. Pa 15 ikanafika. Pa 18 ikanafika. Iyi sinali pa 15, Clifford. Ndipo kompyuta imayenera kuifoola isanafike apa. Sinaifoole chifukwa chiyani?"

Apa ndipo ndikuuzeni, owerenga, zimene ndinachita m'galimoto muja Lachitatu lija.

Aliyense wodziwa ntchito imeneyi, asanasinthe kanthu, amayamba wakopera malamulo oyambirira a galimoto n'kuwasunga. Kukoperako kumatenga mphindi makumi anayi. Loweruka loyamba lija anthu anali ataima akundiyang'ana, wina anati, "Kodi zikutheka, Injiniya?" ndipo ine ndinalumpha sitepe imeneyo. Ndinafufuta za eni ake n'kulowetsamo failo imene ndinaitola pa intaneti, yolembedwa ndi munthu amene sindimudziwa, wa dziko lozizira. Manambala a mkati mwake sindinkadziwa kuwasintha. Sindinasankhe 26. Ndinangomupeza momwemo.

Choncho pamene achimwene anati bwezera, kunalibe kobwerera. Ndikanatha kunena. Ndikanatha kubwera kwa a Wallace, kapena kuwauza achimwene kuti galimoto iime mpaka tipeze wodziwa ku Mzuzu kapena ku Mbeya. Zikanangofunika mawu atatu: sindikudziwa, achimwene, pepani. Ola lonse lija ndinkayeserera mawu amenewa m'kamwa.

M'malo mwake ndinapeza kabokosi kamodzi kamene ndinkatha kukadina. Nyali yachikasu ija ndi kufooka kuja sizinali matenda. Inali galimoto ikudziteteza, ikukana katundu amene ndinaisenzetsa. Ndinadina kabokosiko, ndinazimitsa nyali, ndinachotsa chitetezo. Ndinaitseka pakamwa, n'kupita kukamwa thobwa la alamu.

Zonsezi ndinawauza a Wallace, ndipo anamva osandidula.

"Mukawauza a kwathu?" ndinafunsa.

"Ine ndimakonza magalimoto. Ndikalowa nkhani ya ufiti ya banja la eni, mawa adzati makaniko nayenso ali momwemo, ndipo ndili ndi zidzukulu. Ukaima iwe, ndidzaima pambuyo pako ndi tebo iyi m'manja. Koma sindingaime patsogolo pako." Anaikulunga m'nyuzipepala n'kuiika pa shelefu. "Ikhala apa. Chitsulo sichiwola."

8

Panatha chaka ndisanatsegule pakamwa. Ndinayamba ndi amama. Ndinawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba, Lughano ali kosewera. Ndinalankhula m'Chinkhonde, kuyambira pa failo mpaka pa kabokosi. Lichero silinaime.

"Wamaliza?" anafunsa.

"Ndamaliza."

"Ndinadziwa pa msonkhano pomwe paja. Ukamanama umayang'ana zala za kumapazi, kuyambira uli mwana."

"Ndiye munalekeranji alamu apite?"

"Unkafuna apite ndani?" Anauzira mankhusu. "Anthu amene anaponya miyala pa denga la mkazi uja, miyala yawo sinathe. Ukawauza kuti anaponya pa denga lolakwika, adzafuna lolondola. Baba wako Hudson sadzavomera kuti anawoloka mtsinje kukagula bodza. Ndaika mwana mmodzi m'nthaka. Wina sindiika."

"Nanga Lughano?"

"Lughano akudya."

Sanakweze mawu, ndipo sitinayambe talankhulanso za nkhaniyi.

Patapita miyezi ina ndinapeza nambala ya a Yunike kwa mphunzitsi mnzawo. Ndinaimba ndili pa bwalo la mpira, kutali ndi makutu a kunyumba.

"Alamu," anatero atangomva mawu anga. "Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino. Watalika. Dzino lakutsogolo lagwa."

"Lakumwamba kapena lakumunsi?"

"Lakumunsi."

"Amandifunsa?"

"Poyamba ankafunsa tsiku lililonse. Tsopano amafunsa mwa apo ndi apo."

Kenako ndinawauza. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo mwina ndinkakufuna kutukwanidwako. Iwo anangopuma mozama.

"Mukundiuziranji ine? Ine ndikudziwa kale kuti sindinaphe mwamuna wanga. Kauzeni amene sakudziwa. Mukaime pamene munakhala tsiku lija, a Hudson alipo, amama alipo, anansi alipo, munene mawu omwewa. Mukatero mundibweretsere mwana wanga. Ine kumeneko sindingaponde, mukudziwa chimene angandichite. Musanachite zimenezo, musandiimbirenso."

"Alamu, pepani."

"Pepani wanuyo musungeni. Adzamufuna Lughano akadzakula."

Anadula foni.

9

Kanayi konse ndanyamuka kupita kwa a Hudson. Kawiri ndinabwerera panjira. Kamodzi ndinalowa, anandipatsa mpando, ndinafunsa za ng'ombe yawo yodwala, n'kutsanzika. Kachinayi ndinawapeza atamukhazika Lughano pa bondo akumusendera mango, ndipo anandiuza monyadira kuti mwanayu tinamupulumutsa.

Inu amene mukuwerenga, musanditche wolimba mtima chifukwa ndalemba. Ndalemba m'Chichewa, m'magazini imene a Hudson sagula, ndipo ndikudziwa bwino chifukwa chake ndasankha njira imeneyi. Kuulula kwa anthu osakudziwa n'kosavuta. Inu simungandiponye mwala, komanso simungamukweze mwana basi ya ku Dedza.

Kwa anyamata anzanga a malaputopu, amene mwayamba kuchuluka m'magalaji kuyambira ku Songwe mpaka ku Uliwa, ndilibe nzeru zambiri zoti ndikupatseni. Sungani za eni ake musanafufute. Musakhulupirire nambala ya munthu amene sanaonepo chitunda chanu. Injini yokalamba ipatseni pang'ono, ndipo nyali ikayaka imvereni, chifukwa pa galimoto yonse ndi yokhayo imene ilibe manyazi onena kuti sinditha. Ine ndinali nawo manyaziwo. Ndinkaopa kuti achimwene asiya kunditcha Injiniya, ndipo asiyadi.

Laputopu ndinaigulitsa. Masiku ano ndimathandiza kumatula matayala pa siteji, ntchito imene ukalakwitsa imaonekera pomwepo. Madzulo ndimamuthandiza Lughano kulemba zilembo. Ali mu Sitandade 1, ndipo amagwira pensulo ngati mayi ake, chala chapakati chitapindika. Chichewa chake chikutha. Sabata yatha anandifunsa m'Chinkhonde ngati n'zoona zimene anzake amanena, kuti amayi ake amauluka. Ndinati ayi. Anafunsa kuti ndikudziwa bwanji. Ndinamuuza kuti amalize kulemba.

Ena mwa inu mudzalemba makalata kundiuza chochita. Ndikuchidziwa. Mtunda wake ndi mphindi khumi kuchokera pamene ndakhala, ndipo mboni yanga ikudikira pansi pa mtengo wa mango. Ndimadzuka m'mawa uliwonse nditatsimikiza, pofika masana ndimakhala nditapeza chifukwa. Mwana akukula, ndipo tsiku lililonse limene ndikudikira likuchotsedwa kwa mayi amene sanalakwe kanthu koma kuchita mantha mokweza mawu.

A Yunike anamuona mwana wawo komaliza Loweruka, pa 25 Novembala 2023.